Momwe ndinapezera mapepala a ubwana wanga ku Salima

Ndinakulira kunyumba yosungira ana amasiye, ndipo pofuna chiphaso cha kubadwa ku NRB (ofesi ya boma yoona za kalembera wa nzika) ndinalibe tsiku lenileni lobadwa, ngakhale dzina lonse la mayi anga. Nyumbayo inatsekedwa kalekale. Kusukulu ya pulayimale kaundula anangolemba chaka chongoyerekeza.

Chinandithandiza ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, chifukwa nkhani za ana opita kumalo otere zimadutsa kumeneko. Ndinalemba kalata yopempha fayilo yanga, ndinatenganso kalata ya a mfumu. Pofufuza ndi dzina langa la lero, sipanapezeke kanthu.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Ndinafunafuna amayi amene ankatilera, pano ndi okalamba. Iwo anati: “Mwanangu, unabwera pa dzina la agogo ako, kuchokera kwa T/A Khombedza.” Nditabwerera ndi dzina limenelo ndi la mudzi, fayilo inatuluka. M'katimo munali kadi yanga ya kusikelo, yothimbirira, inki itayamba kufufutika, koma tsiku lobadwa ndi dzina la mayi zikuwerengeka bwinobwino. Ndinaigwira manja akunjenjemera.

Ndalama inapita pa minibasi ndi fotokope basi. Jambulaninso tsamba lililonse pa foni, chifukwa fayiloyo imatsala ku ofesi.