Mukafuna kulembetsa agogo ku INAS, yambani ndi mapepala

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka Zóbuè uko, nkhani iyi timangoikamba pamaliro basi, kuti eeh agogo akuti sanalembedwe pomwe anzawo amsinkhu umodzi akulandira ndalama ku INAS, bungwe la boma la Mozambique lothandiza ovutika, ndiye timathamangira kunena kuti amfumu akondera. Mwina nthawi zina zimachitikadi, koma ine zomwe ndaona kwambiri vuto limakhala pepala, agogo alibe kanthu kalikonse kosonyeza kuti ndi ndani ndipo anabadwa liti.

Choyamba tisasokoneze zinthu ziwiri. Penshoni ya INSS ija ndi ya munthu amene ankagwira ntchito yolembedwa nkumadulidwa ndalama pamalipiro. Ya agogo athu olima mbatatesi ndi chimangawa ndi ina, imatchedwa PSSB, Programa de Subsídio Social Básico, imayendetsedwa ndi INAS, ndipo ndi ya makomo ovutika kumene kuli okalamba, olumala kapena odwala matenda amgonagona opanda wowagwirira ntchito. Wokalamba kwa boma ndi wa zaka 60 kupita mtsogolo, imvi zokha sizikwanira ayi. Ndalama yake musayembekezere zambiri, pomwe anakonza mu 2018 inali 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha, nkumakwera mpaka 1000 pakhomo la anthu asanu. Ndi ya sopo, mchere ndi kuchigayo, koma kwa gogo amene akulera adzukulu amasiye imeneyo si yocheza.

Tsono zaka. Apa ndi pamene pamavuta chifukwa akuluakulu athu ambiri anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ena ku Dedza ena ku Ntcheu, nyumba zinapsa ndi mapepala omwe, pobwera itatha nkhondo mu 1992 anabwera ndi mphika ndi ana basi. Mukawafunsa kuti munabadwa chaka chanji angokuyankhani kuti nthawi ya dzombe kapena chaka chomwe anamwalira amfumu akale. Musawaseke, khalani nawo pamphasa madzulo muwafunse mwa nkhani. Pa ufulu wa 1975 munali bwanji, munali mutatha msinkhu, munali ndi mwana kumbuyo? Pamene ankamanga damu la Cahora Bassa munamvako muli wamkulu bwanji? Munthu amene mu 1975 anali kale ndi zaka khumi, wotha kutunga madzi kapena kuweta ng'ombe, lero 60 wakwana. Mwana wawo woyamba ngati ali ndi BI, chitupa cha unzika chija, zimathandizanso, mumangowerengera chambuyo. Kwa a Katolika pitani ku parishi mukafunse buku la ubatizo, azibambo ankalemba bwino zinthu zimenezi ndipo ena apezadi chaka chawo momwemo.

Mukagwirizana chaka, pitani kwa amfumu kapena kwa sekeretariyo wa bayiro akulembereni declaração yoti munthuyu ndi wa pano, mutenge mboni zowadziwa bwino zomwe zili ndi mapepala awo, kenako ku Conservatória ya Registo Civil kukalembetsa kubadwa ngati sanalembetsepo, ndiye BI imabwera pambuyo pake. Kadi yovotera ngati ilipo tengani, isatsale. Koma chonde yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina musanachoke pawindo, poti a ku ofesi amalemba mwa Chipwitikizi, pamene ife timaika k iwo amaika c kapena qu, pa w amaika u, ndiye mupeza pepala lina dzina lalembedwa mwina, lina mwinanso, kadi ya kuchipatala ya ku Malawi nayo zake, mapeto ake munthu mmodzi akuoneka ngati anthu atatu. Sankhani kalembedwe kamodzi mukakamire komweko. Ife agogo athu aakazi anatchula dzina la kwa amuna awo pamalo ena, la bambo awo pamalo ena, tinayenda maulendo awiri a chapa pachabe, vuto linali lathu lomwe osafunsana kunyumba tisananyamuke.

Pepala likapezeka funsani kuti permanente wa INAS m'dera lanu ndi ndani. Ameneyu ndi munthu wa m'mudzi momwemo amene amalumikiza anthu ndi ofesi, amfumu amamudziwa. Muuzeni za agogo, dzina lipite, ndipo a INAS amafuna kuona mmene pakhomopo palili asanavomere. Pamenepa nenani zoona. Osakabisa mbuzi kunyumba kwa aneba, osabwerekanso adzukulu a eni kuti muoneke ambiri, m'mudzi mulibe chinsinsi ndipo zikaululika wovutika ndi agogo omwewo. Kulembetsaku nkwaulere, wina akati mupereke ya fanta kuti dzina liyende msanga mukaneni. Komanso dzina kulembedwa sikuti mwezi wamawa ndalama yafika, pamakhala kudikira, muzingofunsa mwaulemu nthawi ndi nthawi.

Tsiku lolandira aperekezeni. Ngati miyendo inakana kale, kambiranani ndi permanente kuti alembe munthu mmodzi wowalandirira, ndipo munthuyo asankhe agogo eni ake, osati amene ali ndi mawu okwera pabanja. Ndikunena izi chifukwa tonse tikudziwa kamdzukulu kamene kamaonekera tsiku la malipiro lokha, agogo ndibwerekeni ndibweza Loweruka, Loweruka lake silifika. Chimodzimodzi inu muli ku Tete, ku Moatize kapena ku Joni mukutumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, PIN isadziwike ndi mudzi wonse, ndipo mukatumiza imbani mulankhule ndi agogowo pakamwa, muwauze kuti ndatumiza zakuti, amve okha.

Poti mwawakweza kale njinga yamoto mpaka ku boma, musabwerere osadutsa kuchipatala. Awayeze BP ndi shuga, matenda awiriwa amadya munthu mwakachetechete, ena timangodzidzimuka afa ziwalo mbali imodzi nkuyamba kulozana zala. Maso akachita mtambo mwina ndi ng'ala, imeneyo madokotala amachotsa ndi opaleshoni munthu nkuonanso, musangoti ndi ukalamba. Pa bicha, pamzere paja, musachite manyazi kupempha kuti alowe kaye, dziko lino lili ndi lamulo loteteza okalamba, Lei 3/2014, ndipo okalamba amayenera kuthandizidwa patsogolo. Agogo akayamba kuiwala mayina a ana awo, kusochera njira ya kudimba, kutuluka usiku osadziwa komwe akupita, auzeni a chipatala zimenezo. Ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, si ufiti, ndipo wina akayamba kuwaopseza kapena kuwathamangitsa pamudzi nkhaniyo ndi ya kupolisi.

Mapepala onse aja, BI, kadi ya INAS, kadi ya kuchipatala, ajambuleni pa foni mutumizirane pa WhatsApp abale awiri atatu, enieniwo akulungidwe mu pulasitiki aikidwe m'chitini chotseka. Agogo amakonda kusomeka kudenga kapena pansi pa mphasa, ndiye mvula ya Januwale ikadontha kapena chiswe chikalowa muyambiranso kwa sekeretariyo.