Kasungidwe ka Lenti kuno ku Blantyre

Lenti imatipeza pa nthawi yothina. Lachitatu la Phulusa limasuntha chaka ndi chaka, koma silituluka pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi, ndiye kuti nthawi imene chimanga cha kumunda sichinakhwime, cha m'thumba chatha, ndipo pamsika wa Ndirande kapena ku Limbe mtengo wa ndowa ukungokwera. M'makomo ambiri ku Bangwe, ku Mbayani ndi kwathu kuno ku Chilomoni anthu amakhala akudya kale kamodzi pa tsiku. Choncho munthu akafunsa kuti, "Nanga ine ndisala chiyani poti nyama ndinaidya pa Khirisimasi?" ndimamumvetsa. Ine ndimasoka zovala, ndipo pa mphakati wathu, kagulu ka akhristu a Katolika oyandikana nyumba, ndili m'gulu loyendera odwala. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndimauza achinyamata ndi akatekumeni, amene akukonzekera ubatizo, akandifunsa.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa ambiri amalikulitsa kuposa mmene lilili. Masiku okakamizidwa kusala kudya ndi awiri okha: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Pa masiku amenewa mumadya chakudya chokhuta kamodzi, ndipo mukhoza kulawa kangachepe kawiri, kaphala kapena tiyi ndi kachinangwa, bola tiwiri timeneti tisafanane ndi chakudya chathunthu. Lamuloli likukhudza a zaka 18 mpaka 59. Kusala nyama kumayambira zaka 14, ndipo ndi kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la mu Lenti. Nsomba si nyama pa lamuloli, ndiye usipa, bonya, matemba, nyemba ndi nkhwani wotendera zonse n'zololedwa. Kuchokera pa Phulusa kukafika Loweruka Loyera pali masiku 46. Mukachotsapo masiku a Lamulungu asanu ndi limodzi, patsala 40, monga masiku amene Ambuye Yesu anakhala m'chipululu. Lamulungu sitisala, chifukwa ndi tsiku la kuuka kwa Ambuye ngakhale mkati mwa Lenti.

Apa ndinene mwamphamvu. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga, amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB ndi a BP, musadumphe chakudya kapena mankhwala chifukwa cha Lenti. Mpingo sukufunsani zimenezo. Chimodzimodzi abambo oswa miyala, onyamula katundu pamsika, akabaza opalasa njinga tsiku lonse: idyani kuti mugwire ntchito, musale china. Ngati mtima sukukhazikika, kafunseni bambo mfumu kapena akatekisiti a ku parishi kwanu.

Pa Lachitatu la Phulusa pitani ku Misa. Amene mumagwira ntchito m'tauni funsiranitu nthawi za Misa ku tchalitchi cha CI (Catholic Institute) kapena ku Cathedral ya ku Limbe, kuti musadzapeze kuti mwaweruka zonse zitatha. Phulusa lija limachokera ku kanjedza wa chaka chatha amene amatenthedwa, ndiye parishi ikalengeza kuti mubweretse kanjedza wouma amene munapachika m'nyumba, bweretsani. Pokupakani pamphumi wansembe amakukumbutsani kuti ndinu dothi ndipo kudothi mudzabwerera, kapena amakuuzani kuti mutembenuke mtima ndi kukhulupirira Uthenga Wabwino. Phulusa si sakramenti, choncho aliyense akhoza kulandira, ngakhale amene sakulandira Ukaristia chifukwa cha nkhani za ukwati. Ndimafunitsitsa anthu otere atabwera ambiri, chifukwa tsikuli ndi lawo. Tsiku lomwelo timamva mneneri Yoweli akuti ting'ambe mitima osati zovala, ndi Mateyu 6 pamene Yesu akutchula zinthu zitatu: zachifundo, pemphero ndi kusala. Zonse zitatu akuti zichitike mobisa. Ndiye zojambula chipumi n'kuika pa Facebook kuti anthu aone kuti mwasala, ganizani kawiri.

Tsopano funso lija la wosala alibe nyama. Yankho langa ndi lakuti chimene mwadzimana chikafike mumphika wa wina. Kusala kumene kumangokusungirani ndalama m'thumba mwanu sikunathe ulendo wake. Lachisanu lotsatira Phulusa timawerenga Yesaya 58, pamene Mulungu akunena kusala kumene Iye amafuna: kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira osowa pogona, kuveka ausiwa. Werengani mutu umenewu panokha musanasankhe chosala.

Kwathu timachita chonchi. Pafupi ndi mbaula timaikapo chidebe chotsuka bwino chokhala ndi chivundikiro. Phala likayamba kuwira, ndisanathire ufa wovundulira, ndimatapa dzanja limodzi n'kuthira m'chidebe muja. Nsima imachepa pang'ono, mwina mtanda umodzi, ndipo aliyense pakhomo amadziwa chifukwa chake. Ana ndi amene amakumbutsa ndikafulumira. Ufa ukakhala wa kawokumani kogula madzulo omwewo, supuni imodzi ikwanira. Mulungu sayeza ndi sikelo ya pamsika. Pakatha sabata ziwiri ufa uja timaunyamula kupita nawo kwa gogo kapena wodwala amene mphakati wagwirizana. Musadikire kuti chidebe chidzaze mpaka Pasaka, chifukwa njala ikuluma mu Febuluwale ndi Malichi, ndiponso ufa ukakhalitsa nyengo ya mvula ino umachita nkhungu.

Amene muli ndi kangachepe, muziwerengera bwino. Ngati Lachisanu madzulo mumaima pa kanyenya kapena pa chiwaya, ngati mumamwa awiri poweruka, ngati bandulo imathera pa TikTok, lembani mtengo wake, ndipo ndalama yeniyeniyo ituluke tsiku lomwelo. Itumizeni pa Mpamba kapena pa Airtel Money kwa msungichuma wa mphakati, kapena gulani sopo, shuga ndi likuni phala. Ndalama imene yagona m'thumba mpaka mawa imapeza ntchito ina. Ku chipatala cha Queens kuli anthu odikirira odwala amene anachokera ku Nsanje, ku Mwanza, ku Phalombe, ndipo kamba anawathera kalekale. Ku ndende ya Chichiri kuli anthu amene abale awo anasiya kuwayendera. Kundende simungangofika, pitani kudzera ku parishi kapena ku gulu limene limayendera akaidi, iwo amadziwa masiku ndi zinthu zololedwa. Tonse tikukumbuka Lenti ya 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Anthu sanafunse kuti ndisala chiyani. Anatulutsa mabulangete, mapoto ndi zitenje. Mtima umene uja ndi umene ukufunika ngakhale chaka chimene kulibe ngozi.

Za pemphero ndisachulutse. Sankhani nthawi imodzi imene mungaikwanitse, m'mamawa musanayatse moto kapena usiku ana asanagone, muwerenge Uthenga Wabwino wa tsikulo ndi kunena kolona, ngakhale chigawo chimodzi. Radio Maria imathandiza amene sangathe kuyenda. Mu Misa mudzaona ansembe atavala za pepo, ndipo Aleluya saimbidwa mpaka usiku wa Pasaka. Lachisanu lililonse kuli Njira ya Mtanda, malo 14 kuyambira pamene Yesu akuweruzidwa mpaka pamene akuikidwa m'manda. Ngati ntchito siikulolani kufika kutchalitchi, mukhoza kuichita pa mphakati kapena pabanja ndi kabuku ka mapemphero.

Chovuta kwambiri pa Lenti ndi kulapa, ndipo apa ndi pamene ambiri timadutsa mothamanga. Mpingo umatilamula kulapa kamodzi pa chaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka. Musadikire Sabata Loyera pamene mzere umatuluka mpaka panja ndipo ansembe atopa. Pitani sabata yachiwiri kapena yachitatu. Usiku wake khalani pansi mufufuze mtima wanu motsata Malamulo Khumi. Mukalowa, nenani kuti munalapa liti komaliza, ululani machimo anu momveka osazungulira, osayamba kufotokoza za apongozi kapena za amuna anu. Mverani malangizo, nenani pemphero la kulapa, ndipo zimene wansembe wakupatsani kuti muchite, chitani musanatuluke m'tchalitchi ngati n'kotheka. Amene papita zaka zambiri musaope. Ingonenani kuti, "Abambo, papita nthawi, ndithandizeni," adzakutsogolerani. Zimene mwanena mmenemo wansembe saloledwa kuziulula kwa wina aliyense.

Koma kulapa kuli ndi mchira wake, kubweza. Akuluakulu anati mlandu suola. Ife osoka timadziwa nsalu zotsala za makasitomala zimene zimakhala m'thumba pansi pa makina. Zimenezo zili ndi eni ake. Wogulitsa chimanga amene ndowa yake anaiphwanya kunsi kuti izilowa chochepa, aiwongole kapena agule ina. Amene munatenga ngongole ku banki mkhonde n'kusiya kuyankha foni, pitani mukakambirane, ngakhale mutayamba ndi zochepa. Wokongoza katapila amene wagwira khadi la ATM la mnzake, aganize za ana a m'nyumba imeneyo. Mabwana a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, mtsikana wantchito ndi mlonda alandire malipiro awo pa tsiku lake, ndipo akhale okwanira. Zakeyo atakumana ndi Yesu sanangolira, analonjeza kubweza kanayi zimene analanda anthu. Miseche nayo imafuna kubweza: kumene munaipitsa dzina la mnzanu, kaya pa mjigo kaya pa gulu la WhatsApp, bwererani komweko mukalikonze. Ndipo ngati pali m'bale amene simulankhulana chifukwa cha malo kapena katundu wa maliro, yambani ndinu kupereka moni. Mwina sayankha. Moniwo mwapereka ndithu, ndipo mawa mudzaperekanso.

Ena amati nkhani za malipiro ndi sikelo si za kutchalitchi. Akumbukire kuti pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, mmodzi mwa iwo Ambuye James Chiona a kuno ku Blantyre. Kalatayo inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pa nthawi imene kunena zoterezi kunali kuika moyo pachiswe. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, dziko linavota pa riferendamu kusankha zipani zambiri. Kutembenuka mtima kumene Lenti imafuna kumakhudza nyumba, msika ndi dziko lomwe.

Sabata Loyera limayamba ndi Lamulungu la Kanjedza. Lachinayi Loyera madzulo ndi Misa ya Mgonero wa Ambuye, pamene wansembe amasambitsa mapazi a anthu, kenako timakhala tikupembedza Ukaristia mosinthana. Lachisanu Loyera kulibe Misa, kuli mwambo wa Masautso a Ambuye ndi kulemekeza mtanda, nthawi zambiri cha m'ma 3 koloko masana.

M'mawa wa tsiku limeneli khamu la anthu limakwera phiri la Michiru, mbali ya ku Chilomoni kuno, kuchita Njira ya Mtanda mpaka pa mtanda waukulu wa pamwamba. Ngati mukufuna kukwera, lawirirani dzuwa lisanatenthe. Valani nsapato zogwira pansi, chifukwa njira ndi ya miyala ndipo mvula ikagwa dzulo lake imaterera. Masilipasi ndi zidendene zazitali zisiyeni kunyumba. Tengani botolo la madzi, kumwa madzi sikuswa kusala. Tengani ambulera ndi chitenje chakale chopinda pogwada, popeza pa malo aliwonse mumagwada pa miyala ndi pa dothi lonyowa. Anthu amapanikizana pokwera, ndiye ana agwireni pa dzanja, ndipo mukaona gogo akupuma movutikira mpatseni mpata ndi madzi. Mabotolo ndi mapepala mubwerere nawo, phiri limeneli tikulifuna chaka chamawa. Odwala mtima, a BP yokwera ndi a miyendo yovuta asadzikakamize. Njira ya Mtanda ya ku parishi ndi yomweyo, malo ake ndi 14 omwewo. Mukatsika, pumani pang'ono ndi kulawa kenakake kuti mukathe kuima pa mwambo wa masana, chifukwa nkhani ya Masautso yolembedwa ndi Yohane ndi yaitali.

Loweruka Loyera usiku ndi Misa ya mkesha wa Pasaka. Imayambira panja pa moto watsopano, ndiye tengani kandulo ndi kapepala kolimba kotchinga phula kuti lisakudonthereni m'manja. Mawerengo ndi ambiri, akatekumeni amabatizidwa, ndipo tonse timabwereza malonjezo a ubatizo wathu. Ana adyetseni ndi kuwaveka zotentha musananyamuke. Misayi imatha usiku kwambiri minibasi zitasiya kuyenda, choncho panganiranitu ndi a mphakati wanu kuti mubwerere limodzi, ndipo amene ali ndi galimoto ayambe watula agogo ndi amayi a makanda.