Mafuta a nthanga ndi nyamakazi yotupitsa mfundo

Anzanga odwala nyamakazi, ija imaumitsa zala m'mawa mpaka kulephera kutsegula botolo, mwina mwaona timabotolo ta mafuta a black seed, flaxseed ndi evening primrose m'mafamase ndi m'misika muno mu Lilongwe. Amathandiza ena kuchepetsako ululu ndi kuuma kwa mfundo, koma pang'ono chabe, ndipo patapita miyezi.

Chachikulu n'chakuti musasiye methotrexate wanu, mankhwala a kuchipatala a nyamakaziyi amene mumamwa kamodzi pa sabata aja. Matendawa amayamba chifukwa chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo zanu zomwe, ndipo mafutawa saletsa mafupa kudyeka. Chala chikapindika, chapindika basi.

Musanayambe kumwa, tengani botololo mukawaonetse adokotala tsiku lanu la sikelo, kaya ku Kamuzu Central kaya kwina. Makamaka ngati mumamwa warfarin kapena aspirin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana, chifukwa ena mwa mafutawa nawonso amachedwetsa magazi kuundana. Amayi oyembekezera, ayi ndithu musanafunse.

Mafuta opanda chizindikiro, othiridwa m'botolo la madzi n'kukhala padzuwa tsiku lonse, ine sindingagule. Mafuta amene mwagula, kunyumba asungeni pozizira, pamdima, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumawawononga msanga. Akayamba kununkha ngati penti, atayeni.