Momwe mungayerekezere malenzi a maikulosikopu musanagule

Ambiri akamasankha lenzi ya maikulosikopu, ija yoyandikira silaidi, amangothamangira nambala yaikulu, 40x kapena 100x. Nambala imeneyo imangonena kukula kwa chithunzi basi, osati kuoneka bwino kwake.

Yambani ndi zolembedwa pa lenziyo. Mukaona 40x/0.65, nambala yachiwiriyo ndi NA (numerical aperture), muyeso wa kuwala komwe lenzi imatha kulandira, ndipo ndiyo imachititsa kuti timadontho tiwiri toyandikana tioneke patokhapatokha. Pa malenzi awiri a 40x, ya 0.75 imaonetsa zambiri kuposa ya 0.65. M'munsi mwake mumalembedwa 160/0.17 kapena ∞/0.17: 160 ndi kutalika kwa chubu cha maikulosikopu m'mamilimita, pomwe ∞ (infinity) ndi ya makina a kapangidwe kena. Osasakaniza ziwirizi: lenzi ya ∞ pa makina a 160 singakupatseni chithunzi chabwino ngakhale itamangika bwinobwino. 0.17 ndi kukhuthala kwa kagalasi kovindikira silaidi, m'mamilimita.

Kenako onani mtundu wake. Achromat ndiyo yotchipa, pakati imaonetsa bwino koma m'mbali mumachita chimbuuzi. Plan achromat imaonetsa bwino mpaka pafupi ndi m'mphepete. Fluorite ndi apochromat zimachepetsa timikombero tamitundu tozungulira zinthu. Apochromat, yomwe Ernst Abbe anaipanga ndi kampani ya Zeiss ku Jena mu 1886, ndi yapamwamba kwambiri, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Zolembedwa sizokwanira, yesani nokha. Tengani silaidi imodzi ya magazi yopakidwa utoto wa Giemsa, makina akhale omwewo, kuwala osakusintha. Konzani mpaka maselo apakati aoneke bwino, ndiye osagwiranso chopotokola, yang'anani m'mbali. Ngati maselo akumeneko asungunuka, lenziyo si plan ngakhale wogulitsa alumbire. Onaninso m'mphepete mwa maselowo ngati muli mzere wofiirira kapena wobiriwira, timikombero tamitundu tija. Poyesa ya 100x/1.25 donthezani mafuta ake pa silaidi, chifukwa popanda mafuta mphamvu imeneyo kulibe. Samalani kuti mafutawo asakhudze ya 40x; ambiri amaitaya poganiza kuti yafa pomwe yangoda.

Ngati ndi yakaunjika, imasuleni muiyang'ane poloza kowala. Timizere tonga ndandalale ya kangaude ndi nkhungu, vuto lofala kumadera otentha ndi achinyontho monga kunyanja. Imeneyo isiyeni.

Pa ntchito yoyeza malungo ndi TB tsiku ndi tsiku, plan achromat ya 100x/1.25 ndi yokwanira. Ndalama za apochromat zisiyireni ojambula zithunzi zakafukufuku, inu mugulire mafuta abwino ndi timapepala topukutira malenzi.