Mwasankhidwa ku yunivesite? Umu ndi momwe mungadutsire sabata yoyamba

Dzina lanu latuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, kunyumba nkhuku yafa kale, tsopano chatsala n'kulongedza. Kaya mukupita ku MUBAS ku Blantyre, MZUNI ku Luwinga, MUST ku Thyolo kapena ku Bunda, sabata yolandira ophunzira atsopano imafanana. Ine yanga ndinaidutsira ku Zomba, pamene malowa ankatchedwabe Chanco, yunivesite isanagawidwe mu 2021, choncho zitsanzo zanga ndi za kumeneko.

1. Mapepala, musanakwere basi

Tengani kalata yokuitanani, satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, zithunzi zing'onozing'ono ndi risiti ya kubanki ya fizi. Pangitsani mafotokope kwanu konko, ndipo pepala lililonse mulijambulenso pa foni. Fizi lipirani ku akaunti imene sukulu yalengeza basi. Munthu akakuimbirani kuti mumutumizire pa Airtel Money kapena Mpamba kuti "akusungireni malo", dulani foniyo.

Ngati munapempha ngongole ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, musayembekeze kuti mukaipeza tsiku lofika. Nyamulani ndalama ya chakudya cha masabata angapo.

2. Pogona

Apa m'pamene ambiri amalirira. Mahositelo sakwanira, ndiye ochuluka amakathera ku Chikanda, ena mpaka ku Matawale. Chipinda musalipire musanachione ndi maso. Ine ndinatumiza ya miyezi iwiri kwa mkulu wina amene anandionetsa zithunzi pa WhatsApp. Tsiku lofika, matiresi ali pamutu, ndinapeza m'chipindamo muli mnyamata wina akukazinga bonya, nayenso ali ndi risiti yake. Mkulu uja foni inali yozima.

Mukafika pa nyumba, tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Lowani m'chimbudzi. Gwedezani chitseko ndi zitsulo za pazenera, chifukwa laputopu imabedwera pamenepo. Funsani kuti mita imodzi mukugwiritsa ntchito anthu angati ndipo mayunitsi amagula ndani. Mikangano yambiri ya m'maboding'i imayambira pa mbaula ya magetsi ya mnzanu amene amaphika nyemba tsiku ndi tsiku. Kenako yendani wapansi kuchoka pamenepo kukafika kukalasi, muwerenge mphindi, mukumbukirenso kuti mvula ya ku Zomba sichita nthabwala. Loko gulani wanu.

3. Kulembetsa

Lawirirani m'mamawa, mzere umatalika dzuwa likakwera. Musachoke musanadziwe nambala yanu ya ophunzira komanso tsiku lotenga chiphaso. Posankha makosi, funsani ku dipatimenti kwanu. Mnzanu wa mu hositelo akhoza kukuuzani kuti kosi yakuti "ndi yophweka", koma digiri yake si yanu.

4. Misonkhano ya mu holo musaithawe

Ndikudziwa, imatopetsa. Mumakhala mu Great Hall akuluakulu akusinthana pa maikolofoni, inu njala ili m'mimba. Komatu m'menemo ndi momwe amafotokoza malamulo a mayeso: kuti ma asainimenti ndi mayeso a pakati pa semesita amalowa m'malikisi omaliza, kuti kulemba sapu (mayeso obwereza a kosi imene mwalephera) n'chiyani, kubwereza chaka kumabwera bwanji, ndi malikisi amene amachititsa munthu kuwididwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu. Wofika ndi mapointi 9 ku MSCE amaganiza kuti izi sizikumukhudza, mpaka zotsatira zoyamba zitatuluka. Lembani ofesi ya woyang'anira ophunzira ili pati, chipatala cha pasukulu chili pati, ndi momwe amabwerekera mabuku ku laibulale.

5. Magulu

Aliyense adzakufunani: a SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu), a Chikatolika, a Chisilamu, a kwaya, a zisudzo, a mpira, a kwanu kuboma, ngakhale a zipani. Dzina lembetsani pawiri pokha. Gulu la WhatsApp la kalasi yanu ndilo musaliphonye, chifukwa kalasi ikasintha nthawi kapena chipinda uthenga umadzera mmenemo.

6. Lachisanu ndi Loweruka

Kumakhala zoimbaimba ndi disiko, ndipo makonti, aja a zaka za m'tsogolo, amakhala atatchera mayaro, inu a chaka choyamba. Pitani mukasangalale, si tchimo. Koma ndalama ya mwezi siyani kuchipinda, mutenge yokwanira usiku umenewo. Pitani awiri kapena atatu, mubwererenso limodzi, ndipo botolo lanu lisachoke m'manja. Achemwali, konti amene wakukondani mwadzidzidzi tsiku lachitatu, chaka chatha anakondanso wina sabata ngati yomweyi. Wina akakuvutitsani kapena kukuzunzani ati ndi mwambo wolandirira atsopano, kaneneni ku ofesi ija munalemba.

Lamulungu masana chapani, gulani ufa ndi makala, kenako tengani ndandanda ya makalasi mukayende pasukulu kufufuza chipinda chilichonse chomwe mudzalowe Lolemba. Imbaninso foni kunyumba, amayi akhala akudikira kuyambira Lachiwiri.