Kukokera magetsi ku boyizikota kapena ku khola la nkhuku

M'makomo ambiri ku Chibavi, Mchengautuba ndi Luwinga mupeza kanthambo koyera kopyapyala katatuluka pawindo la nyumba yaikulu, n'kudutsa pabwalo mpaka ku boyizikota kapena ku khola la nkhuku, polumikiza atangokulunga ndi jumbo. Kanthambo koteroko anakapangira wailesi ndi nyale ya m'nyumba. Dzuwa limakauma n'kung'aluka, makoswe amakatafuna, ndipo kuno ku Mzuzu kumene mvula imachedwa kusiya ndipo dothi limakhala lonyowa miyezi yambiri, mwana woyenda opanda nsapato akangoponda pong'alukapo ndiye kuti magetsi a 230 V apeza njira yopita pansi kudzera m'thupi mwake.

Yambani ndi kuwerenga zimene zikagwiritsidwe ntchito kumeneko. Mababu anayi a LED ndi kutchajira foni sizifika ngakhale 100 W. Koma wa lendi akabwera ndi hotplate ya 2,000 W, ketulo ya 2,000 W ndi simbi, nkhani yasintha. Gawani mawatiwo ndi 230 kuti mupeze ma amp: zonse pamodzi zikakwana 4,600 W, ndiye 20 A. Werengerani zimene munthu adzayatse mu June ndi July kukazizira, pamene hita imatuluka pansi pa bedi.

Kukula kwa nthambo kumatsata ma amp komanso mtunda, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Magetsi amachepa mphamvu akamayenda. Pa mtunda wa mamita 30 ndi 20 A, nthambo ya 2.5 mm² imataya pafupifupi 11 V, ya 4 mm² imataya 6.6 V, ya 6 mm² imataya 4.4 V. Pamene pali mababu sitifuna kutaya koposa 3 peresenti ya 230 V, omwe ndi 6.9 V. Ndiye ya 4 mm² yangokwanira pang'ono, ndipo ife timalangiza ya 6 mm² chifukwa madzulo magetsi amabwera atafooka kale. Nthambo yochepa imatentha, mababu amachita mdima ketulo ikayatsidwa, ndipo furiji imavutika kuyamba mpaka kupsa.

Pogula, palani kachidutswa ndi mpeni. Ikaoneka yoyera mkati, ndi aluminiyamu wopakidwa mtundu wa kopa. Isiyeni, imatentha msanga ndipo imathyokera m'masikuluwu.

Njira yabwino ndi kukwirira pansi nthambo yokutidwa ndi mawaya achitsulo, imene m'mahadiweya amaitcha armoured cable kapena SWA. Kumbani ngalande yakuya masentimita 50, ndipo pamene pamalimidwa kapena podutsa galimoto fikani 60 kapena kuposerapo, chifukwa khasu la wolima masamba kuseri kwa nyumba silidziwa kuti pansi pali chiyani. Chotsani miyala ndi zidutswa za njerwa. Yalani mchenga wosefa masentimita 5 mpaka 10, gonekani nthambo osaikoka kwambiri, thiraninso mchenga, kenaka ndandalikani njerwa pamwamba pake. Mukakwirira dothi mpaka theka, yalani tepi yochenjeza kuti wodzakumba zaka zikubwerazi ayambe waona tepiyo. Nthambo ikhale yathunthu kuchokera ku nyumba mpaka kumene ikupita. Cholumikiza chokwiriridwa pansi chimalowa madzi mvula yoyamba yomwe, ndipo kuchipeza kumafuna kufukula bwalo lonse. Musanakwirire, jambulani ngalandeyo pafoni.

Kumapeto konse kuwiri nthamboyi imamangidwa ndi ma gland amkuwa, amene amagwira mawaya achitsulo aja n'kuwalumikiza ku earth. Mmisiri akangodula mawayawo n'kuwasiya ali lende, chitetezo chimene mwagula chatayika, pakuti piki ikaboola nthambo breaker siigwa.

Ngati pali thanthwe kapena simenti ndipo muyenera kudutsa m'mwamba, nthambo imangiriridwe pa waya wachitsulo wokoka bwino, ikwere mamita 3.5, ndipo podutsa galimoto mamita 5.2. Isakhudze m'mphepete mwa malata kapena waya woyanikapo zovala.

Magetsiwa achokere mu DB (bokosi la ma breaker) ya nyumba yaikulu pa breaker yakeyake, ya 20 A pa chitsanzo chathuchi, osati kuseri kwa soketi ya kuchipinda. Kukoka pa nthambo ya ESCOM isanafike pa mita ndi mlandu, komanso pamenepo palibe chokutetezani. Ku boyizikota ikani DB yaing'ono yokhala ndi switchi yozimitsira zonse, breaker ya 6 A ya mababu, ya 16 A ya masoketi, ndi RCD ya 30 mA, imene ena amangoti earth leakage. Kachipangizo aka ndi kamene kamapulumutsa moyo. Breaker wamba imadikira ma amp ambiri isanagwe, pamene magetsi ochepa kwambiri, osakwana ngakhale theka la 1 A, amatha kuimitsa mtima. Dinani batani la RCD lolembedwa T miyezi itatu iliyonse. Ikapanda kugwa, isintheni tsiku lomwelo. Ikamagwagwa mvula ikamagwa, kwinakwake kukulowa madzi, ndiye kufunika kufufuza, osati kuichotsa monga amachitira ena.

Khomaninso chitsulo cha earth chokutidwa ndi kopa, chotalika mamita 1.2 kapena kuposa, pafupi ndi nyumba yaing'onoyo, ndipo mmisiri achiyeze ndi makina. Kuyang'ana ndi maso sikuuza munthu ngati chagwira.

Ku khola la nkhuku mdani ndi fumbi la utuchi, chinyezi ndi mpweya wa zitosi umene umadya zitsulo. Masoketi ndi ma switchi akhale otseka bwino a IP65, nthambo zonse ziyende m'mapaipi a PVC, ndipo babu lotenthetsera anapiye la 250 W likolekedwe pa tcheni, osati pa nthambo yake, kutali ndi utuchi ndi masaka otchingira mphepo.

Ngalande mukhoza kukumba nokha n'kupulumutsa ndalama. Kulumikiza ndi kuyeza apatseni mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, ndipo musachite manyazi kupempha kuchiona. Ntchito isagwiridwe podalira kuti magetsi athima m'dera lonse, chifukwa amabwera osagogoda. Zimitsani main switch, imatidwe ndi tepi, ndipo aliyense pakhomopo auzidwe kuti asaigwire mpaka mmisiri atanena yekha kuti wamaliza.