Momwe mungaikire Open Sans pakompyuta ndi kuigwiritsa ntchito bwino

Open Sans ndi fonti ya zilembo zopanda timichira kumapeto kwake, yomwe anaikonza Steve Matteson ndipo inatuluka mu 2011 kudzera ku Google. Ndi yaulere. Chomwe imapambanira Arial, m'kuona kwanga, ndi pakamwa pa zilembo ngati c, e ndi s: mpotseguka, choncho ngakhale mutalemba tizilembo ting'onoting'ono pa chikalata chofunsira ntchito, sitiphatikana.

Choyamba, pitani pa fonts.google.com, lembani Open Sans pofufuzira, kenaka koperani. Ibwera ngati fayilo ya zip, itseguleni.

Chachiwiri, lowani mu foda yolembedwa static. Pa Windows sankhani mafayilo omwe mukufuna, dinani batani lakumanja la mausi, n'kusankha Install. Ngati Word inali yotsegula, itsekeni kaye n'kuitsegulanso.

Apa mpomwe ambiri amasochera. Banja limeneli lili ndi makulidwe 6, kuyambira Light yowonda mpaka ExtraBold yonenepa kwambiri, ndipo aliyense ali ndi mnzake wopendekeka. Palinso zopanikizika zotchedwa Condensed. Musazithire zonse pa tsamba limodzi. Nkhani yeniyeni ilembeni ndi Regular, mitu ndi Bold kapena SemiBold, basi. Light imaoneka yokongola pa sikirini, koma ikadutsa m'makina a fotokope omwe inki ikutha, imazimiririka. Condensed isungireni matebulo, pomwe malo achepa.

Chachitatu, yesani Chichewa chathu musanayambe ntchito. Lembani Malaŵi. Pa Word, tayipani U+0175 kenaka dinani Alt ndi X pamodzi, ndipo ŵ ituluka. Ya Ŵ yaikulu ndi U+0174. Open Sans ili nazo zonse ziwiri, pomwe mafonti ambiri okongoletsera alibe, ndipo kompyuta imakabwereka chilembocho ku fonti ina, n'kuoneka chachilendo pakati pa mawu. Yesaninso ng'ombe, muone ngati kachizindikiro kapakati kakhala bwino.

Chenjerani ndi I yaikulu ndi l yaing'ono, zimafanana kwambiri. Pa nambala zachinsinsi kapena makodi, sankhani fonti ina.

Pomaliza, musanapite kokasindikiza, sungani chikalatacho ngati PDF. Kompyuta ya kumeneko ikakhala yopanda Open Sans, Word idzaikamo ina yokha, mizere n'kusokonekera, tsamba limodzi n'kusanduka awiri.